Chitseko cha Nambala Folo

6 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, poti munthu akangoti zii chonchi ndiye kuti mwina wakhuta, mwina wafa, ndipo mukanafa uthenga ukanatipeza. Ife kuno tilipo. Amayi miyendo ikumatupabe madzulo, koma mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwa. Foni yanu ndaiyesa mpaka chala chatuluka thuza. Mayi wa mufoni uja, amene amati nambalayi siikupezeka, tsopano ndi mnzanga wapamtima. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira Adalaivala a lole amene amadutsa kwanuko.

Ndiyambe ndi yabwino, mungati Kalumo amangolemba madandaulo. Andisankha kusukulu ya unamwino. Dzina langa lili pa mndandanda umene amata pageti, ndinaliwerenga katatu ndi chala. Akufuna fizi ya teremu yoyamba pasanadutse pa 30 Epulo, apo ayi malo anga apatsa wina. Odikira malowo ndi ochuluka ngati nyerere pa shuga.

Tsopano yoipa. Mukukumbukira mmene tinagawira mdadada wa Ababa titawaika m'manda. Lendi ya zipinda zitatu zoyambirira ndi ya Amayi, chakudya ndi mankhwala. Faifi ndi sikisi ndi za madzi, magetsi ndi kukonza zowonongeka. Nambala folo ndi ya sukulu yanga. Munanena ndi pakamwa panu, dzanja lili paphewa panga, amalume akumva. Ndiye nambala foloyo, Atelala sanalipire kuyambira Okotobala. Miyezi inayi, uno wachisanu. Zimene ndinasunga kale zikukwana theka la fizi. Theka linalo lili m'thumba mwa Atelala.

Sikuti ntchito alibe. Makina awo amalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, khoma la chipinda changa limachita kunjenjemera. Pakhomo pawo azimayi amakhala pamzere, nsalu zili m'khwapa. Sabata yatha alandira oda ya mayunifomu makumi anayi a kasukulu kena ka kuseri kwa msika. Koma ndikagogoda ndi kope langa la lendi, amavula magalasi, kuwapukuta ndi kansalu, n'kunena kuti, "Kalumo mwana wanga, funsa achimwene ako." Mwezi ndi mwezi, nyimbo yomweyo. Ndikati ndiwafunse chiyani, amabwezera mapini pamilomo kuti pakamwa pakhale potanganidwa.

Ndiye ndikufunsa, poti andituma: akutanthauza chiyani? Ndipo ngati muli ndi kangachepe, tumizani. Sindikupempha za mafuta odzola. Ndikupempha za moyo wanga.

Ndine mlongo wanu,
Kalumo
(Dzina lija Ababa anandipatsa chifukwa cha lilime. Silinabunthe.)


24 Febuluwale

Kalumo mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Kalata yako ndalandira, ndipo ndinaseka ndekha mumsewu ngati wamisala. Namwino m'banja mwathu! Ababa akanakhalapo akanayenda khomo ndi khomo kuuza ngakhale agalu.

Ine ndili bwino kwambiri. Ntchito kunyumba yosungiramo katundu ikuyenda, ndipo abwana akuti posachedwa andikweza ndiziyang'anira anzanga. Foni inagwera m'madzi. Ndikudikira kugula yabwino kusiyana ndi kuthamangira zotchipa.

Za ndalama, pakali pano zamangika pang'ono, kampani yasintha kalipiridwe. Koma Epulo ali kutali, mlongo wanga, usade nkhawa. Mlongo wako alipo.

Za Atelala, chonde uziwatenga bwino. Ndi munthu wamkulu. Paja ndi iwo anasoka yunifomu yako yoyamba, ndipo Ababa atamwalira ndi iwo anathamanga ndi za bokosi ife tikungolira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lilime lakolo uyambe kulisunga m'chimake, poti kuchipatala odwala sachira ndi mawu olasa.

Ndatumiza mpango wa Amayi ndi sopo wonunkhira awiri. Kalatayi uwawerengere pang'onopang'ono, ndipo pamene ndanena zokwezedwa pantchito ubwereze.

Ine mlongo wako


8 Malichi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi mlongo wakoyu, ndipo ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena, osathira tsabola wake. (Ndamva, Amayi.) Wadzuka bwanji kumeneko? Mpango ndalandira. Ndinavala Lamulungu, azimayi onse kuugwiragwira, ine n'kuwauza kuti mwana wanga akumukweza pantchito. Uzidya, uzifunda. Usamatumize zinthu zodula, uzisungako za mawa. (Sopo awiri, Achimwene. Zodulazo ndi zimenezo.) Mlongo wakoyu sakupeza tulo ndi nkhani ya sukulu. Wayamba kuwonda, ndipo akumalankhula ndi Atelala ngati akulankhula ndi mwana mnzake. Umulangize, iwe amakumvera. (Kuyambira liti?) Ine Atelala ndinawadziwa iwe uli kumsana. Munthu uja sanadyepo ndalama ya mwini. Ngati sakulipira, chilipo chamugwira. Basi, Mulungu akusunge.

Tsopano ndi ine. Amayi apita kukakhala pakhonde.

Achimwene, ndinakufunsani funso, inu mwandiyankha mwambi. Nkhono yanuyo ndaidikira miyezi isanu, maso ake sindikuwaona, ndikungoona dovu lokhalokha.

Matenda a Atelala ayamba kupatsirana. Aphunzitsi a nambala wani, amene sanachedwepo ndi tsiku limodzi, mwezi uno andiuza akumwetulira kuti, "Poti pamdadada pano ena akukhala mwa chisomo, nafenso tilaweko chisomocho." Mayi wamakala wa nambala faifi akuti adzalipira tsiku limene Atelala adzalipire. Ndikamadutsa pampopi azimayi amatsitsa mawu, wina n'kuti, "Pisani njira, alandilodi akudutsa," onse n'kuphulika kuseka. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, anzanga akugula mabuku, ine ndikuyenda ndi kope khomo ndi khomo ngati wopemphetsa, kupempha ndalama zanga zomwe.

Pa 1 ndinawapatsa Atelala notisi yolemba, ya mwezi umodzi. Anailandira ndi manja awiri, anaiwerenga, n'kukaibaya pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene amabayapo timapepala tawo tonse ta miyezo ya makasitomala. Notisi yanga, ngati muyezo wa chiuno cha munthu.

Ndinapita kukhoti kukafunsa. Akuti ndilipire yolembetsera mlandu, kenako ndidikire tsiku, mwina Juni, mwina Julayi. Ine Juni ndilibe. Akalipentala a kuseri kwathu andiuza njira imene eni nyumba amachita. Sumenyana ndi munthu, sutaya katundu wake pabwalo. Umangozula chitseko, poti n'chako, n'kukachisunga. Mphepo ndi udzudzu zimamaliza zotsalazo.

Ndikufunsaninso, ndipo muyankhe inde kapena ayi, osati mwambi: pali chimene munapangana ndi Atelala? Ngati palibe, pa 3 Epulo chitseko chikuzulidwa.

Kalumo


19 Malichi

Kalumo,

Moni nonse. Adalaivala akufulumira, ndilemba mwachidule. Ayi, palibe chimene ndinapangana ndi Atelala. Mwina ndi ukalamba, mwina akufuna ndiwapepesere kwa iwe. Za chitsekozo ndikudziwa ukungoopseza, iwe mtima wako ndi wofewa kusiyana ndi pakamwa. Koma poti uli pamalopo ndiwe, uchite zimene ukuona kuti n'zoyenera. Ndalama ndikuyesetsa.

Mlongo wako


4 Epulo

Achimwene,

Tadzuka. Amayi sakundilankhula, koma adzuka.

Munati ndikungoopseza. Chitseko chili m'chipinda mwanga, ndachitsamiritsa kukhoma, kumapazi kwa bedi.

Dzulo cha m'ma naini m'mawa ndinafika ndi Akalipentala. Atelala anali akudula nsalu ya buluu ya mayunifomu aja, choko chili kukhutu. Ndinati, "Atelala, notisi yatha. Muli nazo?"

Iwo, "Kalumo mwana wanga, achimwene ako sanakulembere?"

Ndinatulutsa kalata yanu n'kuwawerengera mokweza, mdadada wonse ukumva, Amayi ali pakhonde: palibe chimene ndinapangana ndi Atelala, mwina ndi ukalamba.

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikuchita zimene inachita yawo. Anavula magalasi, koma sanawapukute. Anati, "Werenganso." Ndinawerenganso. Anapempha kalatayo, anaiyandikiza kumaso, anayang'ana kalembedwe kanu nthawi yaitali. Kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Chabwino, alandilodi. Chitseko n'chanu, tengani."

Alandilodi. Munthu amene anandiyeza msinkhu ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, dzulo wanditcha inu.

Akalipentala manja anayamba kuwalemera, akuti mahinjesi achita dzimbiri, mwina tibwere mawa. Atelala anatenga kabotolo ka mafuta a makina awo n'kudonthezera pamahinjesipo. "Dikirani alowerere, mungaswe felemu." Pochotsa anathandiza ngakhale kuchigwira kuti chisagwe. Mayi wamakala anafuula ali pampopi, "Namwino wake ameneyu adzazula ndi madiripi a odwala!" Ndinamuyankha kuti ndidzayambira yake, ndipo lendi ndikuifuna dzuwa lisanalowe. Inabwera isanakwane thwelofu. Aphunzitsi nawonso chisomo chawathera, alipira chipewa chili m'manja.

Mwaona? Mankhwala owawa ndiwo amachiza. Atelala apachika chinsalu pakhomo, makina akulira ngati kale. Ndikuwapatsa masiku atatu, ndalama zituluka. Amayi akuti ndachititsa manyazi dzina la Ababa. Ndawauza kuti dzina sililipira fizi.

Dzulo sindinadye. Musandifunse chifukwa.

Kalumo


14 Epulo

Achimwene,

Muli bwanji, ngati mulipo? Adalaivala sakuoneka, akuti lole yawo yafera kutali. Kalata ya pa 4 ija ndinapatsira amayi a geni okwera basi, ndipo akulumbira kuti anakupatsani m'manja. Iyinso ndapatsira iwo omwewo.

Atelala achoka. Ndalama sizinatuluke.

Tsiku lachitatu kunagwa mvula yamphepo, yolowera cham'mbali. Chinsalu chija sichinathandize kanthu. Anaunjika nsalu za anthu pabedi n'kuziphimba ndi pulasitiki, iwo n'kukhala pampando atakumbatira mutu wa makina ngati mwana wodwala. Ndinawaona pawindo. Ndinatseka katani.

Tsiku lachinayi anapita kukagula ulusi, atapempha Aphunzitsi kuti aziponyako maso. Aphunzitsi anaponya kwina. Pobwera, mpukutu wonse wa nsalu ya buluu palibe, ndi mayunifomu khumi ndi asanu osokasoka. Mwini sukulu anabwera pagalimoto, anawalalatira pabwalo ngati mwana, kuwatcha wakuba. Ananyamula tebulo lodulirapo nsalu, ayironi ndi bedi monga chikole. Makina okha anawasiya, akuti asokere ngongoleyo.

Pa zonsezi Atelala sanatchule dzina langa ngakhale kamodzi. Bola akananditukwana, ndikanakhala ndi choyankha. Lachisanu m'mawa anakweza makina pawilibala, anasesa chipinda, anabwera kwa Amayi kudzatsanzika. Kiyi anamuika patebulo pamaso panga. Kiyi wa chitseko chimene chili kumapazi kwa bedi langa. Amayi analira. Iwo anati, "Musalire mayi, mwanayu wachita malinga ndi zimene akudziwa."

Tsopano ndili ndi chipinda chopanda munthu ndi masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndalemba ndi choko pageti kuti chipinda chilipo, kulipiriratu miyezi itatu. Abwera anthu anayi. Atatu anadutsira pampopi, atamva kuti ndi paja amazula zitseko, sanabwerenso. Wachinayi akufuna kulowa mu Meyi, ndalamanso mu Meyi. Ndagulitsa foni yanga ndi nsapato zanga zabwino zija. Sizikukwana.

Achimwene, chibadwire sindinakupempheni kanthu nditagwada. Lero ndagwada. Bwerekani kwa abwana anuwo, poti amakukondani mpaka kukukwezani.

Kalumo


2 Meyi

Achimwene,

Moni ndamufuna, ndamusowa.

Pa 30 ndinapita kusukulu kuja ndi zimene ndinali nazo. Mayi wa mu ofesi anaziwerenga kawiri, anandiyang'ana mwachifundo, anati lamulo ndi lamulo. Dzina langa analidula ndi rula, mzere woongoka bwinobwino. Mtsikana amene anali pambuyo panga pamzere anabwera ndi bambo ake, atamunyamulira chikwama.

Dzulo ndinaitana Akalipentala kuti tibwezere chitseko, poti wachinayi uja amafuna kulowa. Mwezi wonse chakhala chitafulatira, ine ndikuona kunja kwake kokha, kumene kuli nambala. Titachitembenuza, msomali uja uli pomwepo ndi mulu wa mapepala ake. Kaya Atelala anaiwala, kaya anachita manyazi kudzapempha. Ndinati ndiwachotse ndikawapatse, poti ndi miyezo ya anthu.

Pamwamba, chifuwa chakuti, chiuno chakuti, diresi la mayi wakuti. Pansi pake kapepala kopyapyala, kosindikizidwa ndi makina, ka kumene amatumizira ndalama kunja. Wotumiza: Atelala. Wolandira: dzina lanu lonse, monga lilili pachiphaso chanu. Ndalama: lendi ya nambala folo, yosapunguka ngakhale kakobiri, yotumizira anawonjezera ya m'thumba mwawo. Tsiku: 1 Epulo. Masiku awiri ndisanazule chitseko.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kusolola limodzilimodzi. Malichi, atagundana ndi notisi yanga. Febuluwale. Januwale. Disembala. Novembala. Okotobala. Malisiti asanu ndi awiri, onse a pa 1. Munthu uja sanachedwepo ndi tsiku limodzi.

Pansi penipeni, kalata yanu ya mu Seputembala, yobooka pakati ndi msomali. Ndikukumbutseni? "Atate, ndagwa m'mavuto. Lendi muzitumiza kuno, miyezi iwiri yokha. Amayi asamve, mtima wawo mukuudziwa. Kalumo ndimuuza ndekha."

Kalumo ndimuuza ndekha.

Ndinakufunsani inde kapena ayi. Munatenga cholembera, munakhala pansi, munalemba ayi. Munathirapo ndi ukalamba kuti bodzalo likome. Kenako mpeni munapatsa ine, kuti uli pamalopo ndiwe. Ndipo ine, chitsiru cha kope, ndinaima pabwalo kuwawerengera mokweza, kawiri.

Sopo uja ndinagula ndine, Achimwene. Mpango umene Amayi akuvala Lamulungu lililonse ndi fizi yanga.

Akalipentala ndawabweza, chitseko sichipachikidwa. Wachinayi uja ndamuuza akafune kwina.

Kalumo


(Iyi Adalaivala anabwera nayo pa 5 Meyi, itadetsedwa ndi girisi. Inakhala m'lole yakufa milungu isanu.)

28 Malichi

Kalumo mlongo wanga,

Moni kwa Amayi, koma iyi usawawerengere.

Chitseko usazule. Ndikukupempha. M'kalata yapita ija ndinalemba bodza. Atelala alibe mlandu, lendi akutumiza kwa ine, ndinawapempha ndine.

Ntchito inatha mu Seputembala. Mapepala anga okhalira kuno nawonso anatha nthawi, ndikaona yunifomu ndimakhota njira. Foni siinagwere m'madzi, ndinagulitsa. Ndimagona m'galaja ya munthu pamodzi ndi anzanga asanu, ndipo ndalama ya Atelala ndi imene ndimalipirira malo oyalapo katoni ndi kudya kamodzi patsiku. Mwezi uliwonse ndimati mawa ndipeza ntchito, ndibweza zonse iwe usanadziwe. Ndikakumbukira malata amene ndinafolera mdadadawo, ndi mmene munandiperekezera kubasi Amayi akuvina, pakamwa pamauma. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wanga walewa, nkhonya yagwera iwe.

Ndalemberanso Atelala kuti asiye kutumiza, ya Epulo akupatse iwe. Kalata yawo ili pamodzi ndi iyi. Ndikhululukire ngati ungathe.

Mlongo wako


17 Meyi

Kalumo,

Moni, ngati ungaulandire. Makalata ako onse ndinalandira. Nditawerenga ya pa 4 Epulo ndinadziwa kuti yanga siinafike. Ndinayamba kukuyankha kasanu, kasanu ndinang'amba. Ya pa 2 Meyi ndaiwerenga kamodzi kokha, sindingathe kuibwereza.

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Kuno zandikanika. Mwini galaja watipatsa mpaka kumapeto a mwezi. Adalaivala avomera kundinyamula ulere, pamwamba pa katundu. Ndilibe kolowera, mlongo wanga. Poti nambala folo ilibe munthu, undilole ndikhalemo pamene ndikufuna ganyu. Ndidzagwira ntchito iliyonse, ngakhale kukumba zimbudzi, fizi ya chaka chamawa ndidzaipeza ine.

Amayi uwauze kuti ndikubwera patchuthi. Zina ndidzawafotokozera pang'onopang'ono.

Mlongo wako


25 Meyi

Achimwene,

Tili moyo. Amayi ali bwino kusiyana ndi mmene mumaopera.

Makalata anu awiri ndalandira. Yabodza ija ya pa 19 Malichi inayenda masiku anayi, yoona milungu isanu. Koma lole musainamizire. Pakati pa Seputembala ndi Malichi panadutsa malole angati? Ndipo zisanu munang'ambazo, imodzi yokha ikanafika, Atelala mwina akanapeza chitseko chawo asanakweze makina pawilibala.

Za tchuthi sindinawauze Amayi. Mabodza anu ndanyamula okwanira ndisakudziwa, sindinyamula lina ndikudziwa. Ndinadikira amwe mankhwala, ndinawakhazika pansi, ndinawawerengera zonse: malisiti, ya mu Seputembala, ya m'galaja, osadumpha liwu. Mtima wawo uja mumabisalako kumbuyo sunaime. Anavula mpango, anaupinda, anauika pansi penipeni pa sutikesi. Kenako anatenga tsache n'kukasesa nambala folo. Akuti mwana ndi mwana. Iwo ndi mayi anu, ndi ntchito yawo. Ine si mayi anu.

Atelala ndinawafuna masiku anayi. Ndinawapeza pakhonde la sitolo ya zitsulo kuseri kwa depoti, makina ali pa mabokosi awiri, iwo akudula nsalu atagwada pasimenti. Munthu wa zaka zija, kusokera mwini sukulu ngongole atagwada. Ndinagwada nanenso. Ndinangowapatsa mapepala awo ndi kalata yanu yochedwayo. Anaiwerenga n'kuipinda.

Ndinati, "Munalekeranji kundionetsa malisitiwa tsiku lija? Anali pamphuno panga."

Anati, "Pabwalo paja? Mayi ako ali pakhonde, mdadada wonse ukumva? Ndikanamuvula mnyamata uja pamaso pa mayi ake. Ndinamulonjeza."

"Iye anakuvulani inu."

"Eya. Koma lonjezo linali langa, silinali lake."

Ndinawapempha abwerere, akhale miyezi isanu ndi iwiri ulere. Anakana. Akuti khomo limene unatulukapo anthu akuonerera sulowanso msana uli woongoka. Kenako anafunsa za sukulu. Nditawauza, anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa nsalu yoyera, yodulidwa kale, yolumikiza ndi mapini. "Ndinadula tsiku limene ndinamva kuti akusankha. Muyezo ndinangoyerekeza ndi maso. Usawonde kwambiri, Kalumo mwana wanga, chaka chamawa ingakukulire."

Pamenepo, Achimwene, ndi pamene ndinakudani kwenikweni.

Mawa lake ndinabwereka wilibala ya mayi wamakala. Anandibwereka osanena kanthu, koyamba m'moyo wake. Ndinakweza chitseko, ndinachikankha ndekha msewu wonse, dzuwa lili paliwombo, anthu akuloza. Akalipentala anachikhomera miyendo inayi. Ndi tebulo labwino, lalitali, nsalu imagona bwinobwino. Atelala sakugwadanso. Msomali uja tausiya, uli kunsi, akubayapo miyezo.

Ndiye bwerani. Chipinda chasesedwa. Lendi ndi pa 1, ndipo izipita kwa mwini sukulu mpaka nsalu ya buluu itabwezedwa, kenako ku fizi yanga. Kope ndikadali nalo. Mvula yatha, koma mphepo yayamba kuluma, ndipo udzudzu wa pamdadada mukuudziwa. Chinsalu chimene Atelala anapachika chikadalipo, chong'ambika pakati.

Kiyi ndamuika mu envulopu momwemu. Chitseko chake mukudziwa kumene chili. Mukachifuna, mukawapemphe nokha, anthu akumva.

Kalumo